Makina akayamba kulankhula Chichewa, adzayesedwe kaye kwa Ngabu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

Ndakupezani omvera nonse a kuchigwa kuno, kuyambira pa Thabwa pamene msewu wochokera ku Blantyre umathera kutsetsereka, kudutsa pa Dyeratu ndi pa Nchalo, kuno kwa Ngabu, mpaka ku Bangula, ku Nsanje paboma ndi ku Marka kumalire. Moni kwa inunso a tsidya lija la Shire, ku Makhanga ndi ku Muona. Kaya muli pakhonde kuthawa kutentha kwa m'nyumba, kaya muli kudimba wailesi mwaikoleka pamtengo, khalani nane kanthawi.

Nkhani yathu lero ndi ya makina olankhula. Sindikunena wailesi ayi, pakuti m'wailesi mukulankhula munthu, monga ndikuchitira inemu. Ndikunena kompyuta kapena foni imene mumaipatsa mawu olembedwa, iyo n'kuwawerenga mokweza ndi liwu limene silinatuluke pakhosi pa munthu aliyense pa nthawiyo. Ambiri mwalimvapo liwu lotere. Mafoni ena a mabatani amatchula nambala iliyonse imene mwadina. Makanema ambiri a pa Facebook ndi TikTok amafotokozedwa ndi liwu losalala bwino, losapuma, losakhosomola, koma mwini wake kulibe. Kwa anzathu a m'mizinda ikuluikulu ya kunja zimenezi n'zongopeputsa moyo. Kwa ife kuno zikhoza kukhala nkhani ya chakudya, ya mankhwala, mwinanso ya moyo weniweniwo.

Ndikutero chifukwa kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma amene vutoli lakula, makamaka pakati pa amayi. Uthenga wolembedwa ukalowa pafoni ya gogo, umadikira mdzukulu aweruke kusukulu. Onjezeranipo abale athu osaona. Chigwa chino chinadziwika kwa zaka zambiri ndi matenda a maso, moti m'zaka za m'ma 1980 akatswiri, pamodzi ndi malemu Dr Moses Chirambo, anachita kafukufuku wamkulu wa khungu kuno. Tikuthokoza kuti mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa matenda a maso a trachoma. Koma amene anasiya kuona asanafike mathandizowo tikadali nawo m'midzimu, ndipo ana osaona akadaphunzirabe m'sukulu zathu. Kwa iwowa, foni yowerenga mokweza ndiyo ingawalole kumva okha uthenga wa ndalama zimene mwana watumiza kuchokera ku Joni, osapempha munthu wapadera kuti awawerengere chinsinsi chawo.

Maloto opanga makina olankhula ndi akale. Mu 1939, pachionetsero chachikulu ku New York, kampani ya Bell Labs inaonetsa makina otchedwa Voder, amene anakonza Homer Dudley. Ankawayendetsa ndi amayi ophunzitsidwa kwa miyezi yambiri, akudina mabatani ndi zala ndi kuponda chopondera ndi phazi kuti liwu likwere kapena litsike. Mu 1976 Ray Kurzweil anatulutsa makina owerengera anthu osaona mabuku osindikizidwa, ndipo woimba wosaona uja Stevie Wonder anali m'gulu la oyamba kuwagula. Mu 1978 kampani ya Texas Instruments inapanga chidole cha ana chotchedwa Speak & Spell, chimene m'kati mwake munali kachipangizo kakang'ono kamene ntchito yake inali imodzi yokha: kutsanzira mmene mpweya umadutsira pakhosi, m'kamwa ndi m'mphuno mpaka kukhala mawu. Mu 1984 kunabwera DECtalk, bokosi lapadera limene linkalumikizidwa ku kompyuta kuti liziilankhulira. Nthawi imeneyo kompyuta payokha inalibe mphamvu zokwanira kuwerengetsera mawu mwachangu, n'chifukwa chake ntchitoyi ankaipatsa chipangizo chakechake.

Pano ndiime pang'ono pa munthu mmodzi. Katswiri wa sayansi wa ku Britain, Stephen Hawking, anataya liwu lake mu 1985 atachitidwa opaleshoni yapakhosi. Kuyambira pamenepo ankalankhula kudzera m'chipangizo chomangirira panjinga yake ya olumala, ndipo liwu la chipangizocho linachokera ku ntchito ya Dennis Klatt wa ku yunivesite ya MIT ku America, amene anatengera liwu lake lomwe polikonza. Linali liwu louma, lachitsulo. Zaka zikupita kunatuluka mawu ena osalala kwambiri, koma Hawking anawakana mpaka imfa yake mu 2018. Liwu lakalelo linkamveka bwino m'holo yodzaza anthu, ndipo dziko lonse linkadziwa kuti likamveka, walankhula ndi iyeyo. Mpaka lero anthu ambiri osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga monga JAWS, kapena NVDA imene anyamata awiri osaona a ku Australia anayamba kuipereka mwaulere mu 2006, amakonda liwu lachitsulo lotere, chifukwa ngakhale ulithamangitse bwanji silimeza zilembo. Ubwino wa liwu la makina uli pawiri: kukoma kwake m'khutu, ndi kumveka kwake. Ziwirizi sizimayendera limodzi nthawi zonse, ndipo ogulitsa amakonda kutionetsa choyambacho.

Makompyuta atakula mphamvu, mabokosi aja anatha ntchito. Akatswiri anayamba kujambula munthu akuwerenga kwa maola ambiri, n'kuduladula mawu akewo tizidutswatizidutswa, kenaka n'kumatilumikiza monga telala amasokera zigamba, ndipo khutu linkamva pamene padutsa msoko. Kusintha kwakukulu kunadza mu 2016, pamene kampani ya DeepMind ya ku London inaonetsa WaveNet. Iyi sidula kapena kulumikiza kanthu. Imamvetsera mawu a anthu ochuluka zedi, n'kuphunzira yokha mmene amayendera, kenaka n'kumapanga akeake, timagawo 16,000 pa sekondi iliyonse. Kuchokera apo, liwu la makina m'Chingerezi lafika poti nthawi zina sungalisiyanitse ndi la munthu.

Nanga m'Chichewa? Google Translate inayamba kumasulira Chichewa cholembedwa mu December 2014, koma kulemba ndi kwina, kulankhula ndi kwina. Mu May 2023 kampani ya Meta, eni ake a Facebook, inatulutsa makina otha kulankhula zilankhulo zoposa 1,100, ndipo Chichewa chilimo. Funso n'lakuti anawaphunzitsa ndi chiyani. Anagwiritsa ntchito mawu a anthu owerenga Chipangano Chatsopano, pafupifupi maola 32 pa chilankhulo chilichonse, chifukwa ndiwo mawu ojambulidwa bwino amene amapezeka m'zilankhulo zambiri. Ndi ntchito yotamandika, ndipo tiyenera kuthokoza amene anawerenga Malembawo mosamala. Komabe munthu wowerenga Malemba amalankhula modekha, mwaulemu wapaguwa. Mmenemo mulibe dibi, mulibe sipuleya, mulibe mbozi za thonje, mulibe changu cha munthu amene akuuza mnzake kuti nyamula ana uthawe. Ku Zambia, akatswiri a pa University of Zambia anasonkhanitsa mawu a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi pantchito yotchedwa Zambezi Voice. Ku Rwanda, anthu wamba anadzipereka kujambula maola oposa chikwi a Kinyarwanda kudzera mu Common Voice ya bungwe la Mozilla. Ife tikadali m'mbuyo, ndipo Chimang'anja ndi Chisena, zimene timadzuka nazo kuchigwa kuno, zili m'mbuyo kuposa pamenepo.

Tsopano mvetserani chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni. Chilankhulo chathu chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, koma polemba sitiika chizindikiro chilichonse. Ndinena chiganizo chimodzi kawiri, inu mutchere khutu. Koyamba ndiyamba motsitsa: madzi afika. Apa ndiye kuti madzi ali kale pakhomo. Kachiwiri ndikweza pa chilembo choyamba cha mneni: madzi afika. Apa ndiye kuti sanafike, koma akubwera, nthawi yomasula mbuzi ikadalipo. Papepala ziganizo ziwirizi n'zofanana ndendende. Mwana wa zaka zisanu wa kwa Ngabu amazisiyanitsa osaganiza n'komwe. Makina amene angopatsidwa zilembo ayenera kulota kuti mwa ziwirizi wolemba amatanthauza chiti, ndipo akalota molakwa palibe amene angawadzudzule, chifukwa amalankhula ndi chidaliro chomwecho kaya alondola kaya aphonya. Akatswiri athu a zilankhulo, monga Pulofesa Al Mtenje ndi Pulofesa Sam Mchombo, analemba zambiri za kayendedwe ka liwu m'Chichewa, ndipo ku Zomba kuli Centre for Language Studies imene yakhala ikugwira ntchito ya zilankhulo zathu kuyambira 1996. Nzeru zilipo kale m'dziko muno. Chosowa n'chakuti opanga makina azikhala pansi ndi anthu amenewa.

Palinso manambala. Uthenga ukalembedwa kuti K5,000, ife pamsika timati faifi sauzande, pamene wowerenga nkhani pawailesi anganene kuti makwacha zikwi zisanu. Makina asankhe chiti? Mlangizi akalemba muyezo wa mankhwala opopera thonje, mamililita akutiakuti mu sipuleya imodzi, makina akameza nambala imodzi kapena akaiwerenga mwa Chingerezi cha ku London, mlimi athira mankhwala ochepa mbozi n'kumaliza munda, kapena ochuluka n'kudzipweteka yekha. Ndipo amene munamvapo foni ya liwu la Chingerezi ikuyesa kuwerenga uthenga wa Chichewa mukudziwa mmene imasakazira mayina athu. Ngabu, Nchalo, Nsanje, ng'ombe, onsewa amatuluka opunduka. Abale athu osaona azolowera kumasulira chisokonezo chimenechi m'mutu mwawo, ndipo ndimawapatsa ulemu chifukwa cha luso limenelo, koma si chilungamo kuti munthu azivutika chotero kuti amve chilankhulo cha mayi ake.

(NYIMBO PANG'ONO)

Mukumvera nkhani ya makina olankhula, ndipo tsopano tifike pa zipangizo.

Tiyerekeze kuti makina alankhula Chichewa chabwino, chopanda banga. Liwulo lisanafike m'khutu mwanu lili ndi ulendo. Khutu la munthu wachinyamata limamva kunjenjemera kwa mpweya mpaka pafupifupi ka 20,000 pa sekondi. Foni wamba, mukamaimbirana, imangodutsitsa kuyambira pa 300 kulekeza pa 3,400. Zapamwamba zonse imadula. Tsoka lake n'lakuti kumtunda kodulidwako n'kumene kumakhala kusiyana kwa s ndi f, ndiponso mbali ya kampweya kamene kamasiyanitsa kuponya ndi kuphonya. Pamwamba pa apo netiweki imafinya mawu kuti anthu ambiri akwane pa nsanja imodzi. Otsalawo amatulukira pa kasipika kakang'ono kamene kalowa fumbi la kwa Ngabu kwa zaka zitatu, munthu ali pamsika wa ng'ombe, njinga zamoto zikulira, mphepo ikuomba. Munthu mnzako akamalankhula nawe pamalo otere amadziwa kukweza, kubwereza, kufunsa kuti mwamva kodi. Makina sachita zimenezo pokhapokha wina atawakonzeratu.

Opanga makinawa akafuna kudziwa ubwino wa liwu, amaitana anthu kuti amvetsere n'kupereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Kawirikawiri omvetserawo amakhala m'chipinda chabata, atavala zomvera za m'makutu zabwino. Malikisi amenewo satiuza kanthu za mayi wa ku Makhanga amene akumvera pa kafoni ka mabatani mvula ikugunda malata.

Ena amati masiku ano zipangizo zapadera zilibenso ntchito, zonse ndi mapulogalamu basi. Kunena zoona, zipangizozo sizinathe, zinangobisala. M'foni iliyonse muli kachipangizo kamene ntchito yake ndi mawu okha: kuwafinya, kuchotsa phokoso, kuletsa kuti liwu lako lisamakubwerere. Koma mawu okoma kwambiri a makina amakono nthawi zambiri sapangidwira m'foni mwanu. Amapangidwira m'makompyuta akuluakulu kutsidya kwa nyanja, n'kubwera pa intaneti. Ife a kuchigwa tikudziwa chimene chimachitika tsiku la tsoka. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kwake kunatenga kupitirira chaka. Msewu wa M1 unaduka, mafoni anathima kusowa potchaja. Za madzi a mu January 2015, za Idai mu March 2019, ndi za Freddy mu March 2023, sindichita kukukumbutsani, munaziona ndi maso anu. Pa masiku otero chimene chimagwira ntchito ndi chimkuzamawu cha mabatire m'manja mwa membala wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, wenzulo, ng'oma, ndi wailesi. Chida chimene chimafuna intaneti kuti chitsegule pakamwa chimakhala chete pa ola limene tikuchifunitsitsa.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kwa ife funso la zipangizo likadali lamoyo. Kunja kuli kale zida zopangidwira malo ngati athu. Mipingo ina ikudziwa Proclaimer, kabokosi kowerenga Malemba kamene kamatchajidwa ndi dzuwa kapena kupukusa ndi dzanja, ndipo kamamveka pagulu lalikulu pansi pa mtengo. Ku Ghana anayamba kugwiritsa ntchito Talking Book, kachida kolimba kosunga malangizo a ulimi ndi zaumoyo m'zilankhulo za anthu, kosafuna netiweki. Nzeru yake ndi yomwe ija ya akatswiri a m'ma 1980: chida chichite ntchito imodzi, koma chiichite bwino, sipika yake ikhale yamphamvu, batire lake lipirire kutentha kwathu kumene kumapyola madigiri 40 mwezi wa October ndi November.

Tisaiwalenso kuti njira zolankhula ndi anthu pafoni tili nazo kale, ndipo mphamvu yake ndi anthu enieni. Chipatala cha pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chinapita m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, chimakulumikizani ndi wazaumoyo amene mungamufunse mobwereza. Nambala ya 321 pa Airtel inabwera ndi mauthenga ojambulidwa ndi anthu. Mawailesi a m'madera, monga Gaka ku Bangula ndi Nyanthepa ku Nsanje, amalankhula Chisena ndi Chimang'anja chenicheni. Zatsopano nazo zikubwera: mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa m'dziko muno Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene imayankha mafunso a alimi m'Chichewa potengera buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Sindikutsutsa zatsopanozi. Mlangizi mmodzi sangafike pakhomo lililonse, ndipo munthu sangajambule pamanja mtengo wa thonje, wa chitowe ndi wa mbuzi wa msika uliwonse tsiku lililonse. Pamenepo makina angatithandize kwambiri.

Koma maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosapsatira. Chenjezo la madzi osefukira, muyezo wa mankhwala a munthu, a chiweto kapena a m'munda, izi zipitirire kunenedwa ndi liwu la munthu amene wamva tanthauzo la zimene akunenazo, kufikira tsiku limene makina adzapambane mayeso a kuno. Mayeso ake si ovuta. Bwerani nawo kwa Ngabu tsiku la msika. Aseweretseni pa kafoni ka mabatani ndi pa chimkuzamawu. Itanani agogo, amayi ogulitsa nsomba, abusa a ng'ombe, ndi anthu osaona. Musawafunse ngati liwulo lawakomera. Afunseni kuti lanena chiyani, ndipo achita chiyani akachoka pamenepo. Akabwereza uthengawo molondola atangoumva kamodzi, makinawo akhoza. Likulu la zaulimi la chigwa chonse, Shire Valley ADD, lili konkuno, ndipo mbewu zatsopano zimayesedwa kaye pa siteshoni ya kafukufuku ya Ngabu zisanapite kwa alimi. Liwu limene lizilangiza alimiwo liyesedwenso chimodzimodzi.

Ndipo ngati tikufuna kuti makina adzalankhule ngati ife, tiyenera kuwapatsa mawu athu, ojambulidwa bwino. Apa ndiye pamene chipangizo chabwino chimafunika koposa, chifukwa makina amaphunzira chilichonse chimene amva. Mukajambula fani ikuzungulira, malata akuthetheka ndi dzuwa, tambala akulira kuseri, zonsezo zidzalowa m'liwu la makinawo. Pamafunika maikolofoni yabwino, kabokosi kabwino kolowetsera mawu mu kompyuta, chipinda chotchingidwa, ndi kujambula m'mamawa kusanatenthe. Zinthu zimenezi mawailesi athu a m'madera ali nazo kale pang'ono, ndipo ali ndi anthu odziwa kulankhula. Ajambulidwe amayi ndi abambo, achikulire ndi achinyamata, a Chisena ndi a Chimang'anja, akukamba za mapira ndi mchewere, za dimba, za ngalawa, za malungo, osati kungowerenga mabuku.

Chenjezo langa pa ntchito imeneyi ndi limodzi. Liwu la munthu ndi chuma chake. Lero makina amatha kutsanzira munthu atangomva mawu ake ochepa, ndipo akuba a pafoni, amene atisautsa kale ndi mauthenga abodza, sadzachedwa kugwiritsa ntchito luso limeneli. Wina akabwera m'mudzi ndi chojambulira, afotokoze bwino kuti mawuwo akupita kuti, adzagwira ntchito yanji, mwini wake adzakhala ndani, ndipo wojambulidwayo alandira chiyani. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024, ndipo a MACRA ndiwo anapatsidwa udindo woliyang'anira. Mafumu athu, musalole kuti anthu anu ajambulidwe mwachisawawa chifukwa cha botolo la zakumwa. Ndipo inu omvera, mukalandira foni ya liwu longa la mwana wanu likupempha ndalama mwachangu, dulani, muimbireni nokha pa nambala imene mukuidziwa.

Kwa a nthambi yoona za ngozi ya DoDMA, a nthambi yoona zanyengo, ndi mabungwe onse amene mumatitumizira mauthenga, pempho langa ndi lakuti musagule liwu la makina chifukwa lamveka bwino mu ofesi ku Lilongwe. Kwa ana athu amene mukuphunzira za makompyuta ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre ndi ku Zomba, makamaka inu ochokera kuchigwa kuno, ntchito iyi ndi yanu, chifukwa ndinu amene mumamva kusiyana kwa madzi amene afika kale ndi amene akubwera. Ndipo kwa inu amayi ndi abambo, uthenga wa pafoni ukakhala kuti simunaumve bwino, musachite manyazi kapena kungolota tanthauzo lake. Funsani mlangizi, funsani wazaumoyo wa m'dera lanu, ndipo tiuzeni kuno ku wailesi kuti uthenga wakutiwakuti sukumveka, ife tikawauze eni ake.

  

(NYIMBO YOTSEKERA)